Gwero la mawu akuti “dispute”

Nyuzipepala za Chingerezi zikamalemba za antchito amene asemphana ndi mabwana awo pa malipiro, kapena za mayiko olimbirana malire, kawirikawiri zimasankha mawu akuti “dispute”. Kusankhako kuli ndi chifukwa, pakuti mawuwa amanena za mkangano umene ungathe kutengeredwa pabwalo n'kuweruzidwa. Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, koma kwawo ndi ku Chilatini, “disputare”. Chigawo chake chachiwiri, “putare”, poyamba chinkatanthauza kudulira mtengo, kenako kuwerengera, ndipo dzina la kompyuta linachokeranso pomwepo. Wochita “disputare” ankaunika nkhani mbali zonse, monga wamalonda amawerengera zolowa ndi zotuluka.

M'mayunivesite akale a ku Ulaya, monga a Paris ndi Oxford, mtsutso wotere unali njira yeniyeni yophunzirira. Mphunzitsi ankaponya funso, wophunzira mmodzi n'kuikira kumbuyo yankho lake, anzake n'kumamupanikiza ndi mfundo zotsutsa, ndipo pomaliza mphunzitsiyo ankagamula. N'chifukwa chake mutu wa mfundo 95 zimene Martin Luther analemba mu 1517 umayamba ndi “Disputatio”. Iye ankaitana akatswiri anzake kuti adzakambirane za zikalata zochotsera chilango cha machimo zimene zinkagulitsidwa.

Wina anganene kuti gwero la mawu silimanga tanthauzo lake la lero, komanso kuti mitsutso yakaleyo sinkathera nthawi zonse pa kumvana. Akunena zoona: Luther anatsutsana ndi katswiri mnzake Johann Eck ku Leipzig mu 1519, ndipo mu 1521 anachotsedwa mumpingo. Koma umboni wamphamvu uli m'malo amene mawuwa akugwirabe ntchito, omwe ndi malo oweruzira milandu. Nyumba ya malamulo ya ku Britain itafuna kuteteza mabungwe a antchito onyanyala kuti asamalipitsidwe m'khoti, lamulo la mu 1906 inalitcha Trade Disputes Act. Pangano lokhazikitsa bungwe la United Nations la mu 1945 linaika mawuwa pa mutu wa gawo 6, limene limatchula kukambirana, amkhalapakati ndi makhoti. Gawo 7, lolola zilango ndi kutumiza asilikali, mutu wake ulibe mawuwa; umakamba za kuopseza mtendere, kuphwanya mtendere ndi kuputa dziko lina.