Miliri ndi Misewu ya ku Chileka ndi Lirangwe

Matenda alibe miyendo, komabe sanalepherepo kufika kumene munthu wafika. Pa chifukwa ichi, wofuna kumvetsa mbiri ya miliri m'boma la Blantyre ayambe wayang'ana misewu yake. Pa Lirangwe pamadutsa msewu waukulu wa M1 ndiponso njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatha kumangidwa m'chaka cha 1935. Ku Chileka nako kuli bwalo la ndege, lomwe linali chipata chachikulu cha dziko lino kufikira pamene bwalo la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983. Madera aŵiriŵa ndi akumidzi, koma phazi la mlendo silinasoŵemo.

Kusanabwere galimoto, sitima zapamadzi zinkalephera kudutsa mathithi a mtsinje wa Shire. Choncho katundu ankamutsitsa kwa Katunga, ku Chikwawa, ndipo amtengatenga ankamusenza kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope. Anthuŵa ankagona mothithikana m'misasa, kumwera chikho chimodzi ndi kudzithandiza m'tchire la m'mbali mwa njira. Chakumapeto kwa 1918, pamene asilikali ndi amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankabwerera kwawo, kunagwa chimfine choopsa chimene makolo ankachitcha fuluwenza, ndipo chinafalikira potsata njira zomwe anthu ankayendamo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sanakamuke msanga. Padziko lonse anapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, kuposa amene anafera kunkhondoko.

Tisaganize kuti makolo athu ankangopinda manja. Nthomba ankaidziŵa bwino. Munthu akagwidwa nayo ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo womusamalira ankakhala uja amene anadwalapo n'kuchira, popeza anali ataona kuti nthendayi sibwereza munthu. M'madera ambiri a mu Africa ankatenganso mafinya a wodwala n'kutemera munthu wabwinobwino kuti adwale pang'ono ndi kukhwima. Nzeruyi inali yakuya, koma inali ndi vuto lake: wotemeredwayo ankatha kupatsira anzake nthomba yeniyeni, mwinanso kufa nayo. Katemera amene Edward Jenner anayesa ku England mu 1796 anachotsa vutoli, chifukwa anachokera ku nthenda yofatsa ya ng'ombe.

Mu 1967 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbitsa nkhondo yothetseratu nthomba. Kuno kwathu boma linali litalemba anthu oyenda m'midzi, m'misika ndi m'sukulu kukatemera anthu. Ife amene tinali ana nthaŵi imeneyo chipsera chake tikali nacho paphewa. Chida chimene chinathandiza kwambiri pa nkhondoyi chinali kasingano ka nsonga ziŵiri, kosavuta kugwiritsa ntchito ndiponso kosavuta kuŵiritsa akatha kubayira munthu mmodzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 nthomba inali itazilala m'Malaŵi. Munthu womaliza kuitenga mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 dziko lonse linalengezedwa kuti lamasuka ku nthendayi.

Anthu asanapume n'komwe, mu 1973 kolera inaloŵa m'dziko muno koyamba. Boma linaphunzitsa anthu ena ntchito yolimbana nayo m'midzi, ndipo m'kupita kwa nthaŵi ntchito ya otemera nthomba ndi ya olimbana ndi kolera ndiyo inabala alangizi a zaumoyo amene timawaona lero atavala zobiriŵira ngati thambo, akuyeza ana pasikelo ndi kugaŵa kolorini. Ambiri timawayesa antchito wamba. Ine ndimaona kuti miyoyo imene apulumutsa pokakamiza mabanja kukumba zimbudzi ingapose imene yapulumutsidwa m'zipinda zochitira opaleshoni, kungoti munthu amene sanadwale sadziŵa woti amuthokoze.

Tsono tiyeni tiloŵe m'chipatala mwenimwenimo, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yovuta kuimeza. Chipatala ndi malo amene odwala matenda osiyanasiyana amasonkhana pansi pa denga limodzi, motero chisamaliro chikachepa, malo ochiritsirawo amasanduka msika wa matenda. Mu 1847, mu mzinda wa Vienna, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi obereka ankamwalira kwambiri m'chipinda chimene ankathandizidwa ndi madokotala ochokera kong'amba mitembo kusiyana ndi m'chipinda cha azamba. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa zinatsika modabwitsa. Anzake ambiri anamunyoza, poti zinali zoŵaŵa kuvomera kuti manja a dokotala angaphe.

Phunziro lomweli linatifika ife kudzera m'jakisoni. Kale m'zipatala zathu munali majakisoni agalasi, ndipo masingano ake ankawaŵiritsa m'kapoto n'kuwagwiritsanso ntchito. Njirayi inali yabwino malinga madzi aŵiredi kwa nthaŵi yokwanira. Koma pamene mzere wa odwala watalika, mafuta a chitofu atha, ndipo wothandiza ali yekha, chiyeso chofupikitsa nthaŵi chinali chachikulu. Kunalinso anthu osaphunzira zachipatala oyenda ndi majakisoni m'midzi, pakuti ambiri ankakhulupirira kuti mankhwala obaya ndiwo amphamvu kuposa akumwa. Edzi itapezeka m'Malaŵi mu 1985, zonsezi zinayamba kuonedwa ndi diso lina, pamodzi ndi lezala limodzi lotemera mphini banja lonse kapena lodulira anyamata kusimba. Zoona zake n'zakuti kachilombo ka HIV kanafala kwambiri kudzera m'kugonana, ndipo malo ochitira malonda a m'mbali mwa misewu ikuluikulu anakhudzidwa msanga. Komabe magazi otsalira pa singano amatha kunyamula HIV ngakhalenso tizilombo ta matenda a chiŵindi. N'chifukwa chake kunabwera majakisoni obayira kamodzi n'kutaya, makatoni otayiramo masingano, magolovesi, ndiponso bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003 kuti magazi aziyezedwa asanaperekedwe kwa wodwala.

Edzi inadzutsanso chifuwa chachikulu. M'zaka za m'ma 1990 zipatala monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre zinadzaza mpaka odwala ena kugona pansi. Chifuwachi chimayenda mumpweya, ndipo chishango chotsika mtengo kuposa zonse ndi zenera lotsekula. Amene anakwerapo minibasi yochokera ku Lirangwe m'maŵa wa mwezi wa Juni akudziŵa mkangano umene umabuka wina akafuna kutsekula zenera.

Za Covid-19 ophunzira ambiri akuzikumbukira okha. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Maso a anthu anali pa mabwalo a ndege, koma m'mwezi wa Meyi mabasi a abale athu obwerera kuchokera ku South Africa analoŵera ku Mwanza, nadutsa pa Zaleŵa, pa Lirangwe ndi pa Lunzu kupita ku Kamuzu Stadium. Kumeneko anthu oposa 400 anathaŵa asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo, akudandaula za kusoŵa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera. Msasa wa makolo uja unali ndi womusamalira wodwala, uwu unalibe.

Kolera inabweranso mu Malichi 2022, kuyambira ku Machinga, mvula yamkuntho ya Ana itagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime. Uwu ndiwo unali mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino: anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Miyambo yathu inayesedwa kwambiri. Kusambitsa maliro kunaletsedwa kwa omwalira ndi kolera, zakudya zapamaliro zinachepetsedwa, ndipo beseni limodzi losambiramo m'manja anthu onse asanadye nsima linayamba kuloŵedwa m'malo ndi madzi othirirana. Woyamba kusamba m'beseni lija amakhala wamkulu, womaliza amakhala mwana, ndipo mwanayo ndiye amatola litsiro la onse.

Mu 1854 John Snow anaonetsa ku London kuti kolera inkachokera pa mpope umodzi wa mumsewu wa Broad, ndipo mzindawo unadzaigonjetsa pokonza madzi ndi ngalande za zonyansa. Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo makina amene amawakankhira kumtunda ali ku Chileka komweko. Mapaipi akuluakuluwo amadutsa pafupi ndi midzi imene amayi ake amalaŵirira kumjigo, ndipo mjigo ukawonongeka amatsikira kumtsinje.