Jazz Epistles: Mbiri Imakumbukira Opita, Nanga Otsala?

Mu Januwale 1960, oimba asanu ndi mmodzi analowa mu situdiyo ku Johannesburg n'kujambula chimbale chotchedwa Jazz Epistle, Verse 1. Pa piyano panali Dollar Brand, yemwe lero timamudziwa kuti Abdullah Ibrahim. Hugh Masekela ankaliza lipenga, Jonas Gwangwa ankaliza lipenga lalitali lija la trombone, Johnny Gertze anali pa besi, Makaya Ntshoko pa ng'oma, ndipo Kippie Moeketsi anali pa sakisofoni. Gululi, lotchedwa Jazz Epistles, silinakhalitse, ndipo chimbale chake chinali chomwecho basi. Koma ndimaona kuti zomwe zinachitikira anthu amenewa zikutiphunzitsa za mmene mbiri imasankhira anthu oti iwakumbukire. Ambiri a ife tinamvapo dzina la Masekela. Ndi angati amene anamvapo za Moeketsi, yemwe anzakewo ankamutenga ngati mphunzitsi wawo?

Nyimbo zawo zinakulira ku Sophiatown, dera la ku Johannesburg komwe munthu wakuda ankatha kukhala ndi malo akeake. Kumeneko kunkakhala aphunzitsi, atolankhani a magazini ya Drum, anthu aganyu, zigawenga ndi oimba, onse pamodzi. M'mashabini ankavina marabi, ndipo m'nyumba zina achinyamata ankamvetsera zimbale za Duke Ellington ndi Charlie Parker zochokera ku America. Jazi wa ku South Africa anabadwa pamene ziwirizi zinakumana. Boma latsankho silinkafuna dera lotere pafupi ndi azungu. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu mokakamiza kupita nawo ku Meadowlands ku Soweto. Nyumba zinagwetsedwa, pamalopo panamangidwa za azungu, ndipo deralo analitcha Triomf, kutanthauza chipambano.

Moeketsi ndiye anali wamkulu pagululi. Anabadwa mu 1925, anayamba ndi chitoliro cha clarinet asanatenge sakisofoni, ndipo anaphunzira kaimbidwe kothamanga ka Charlie Parker mpaka anthu n'kumamufanizira naye. Masekela anali mwana kwa iye, wobadwa mu 1939. Lipenga lake loyamba anapatsidwa ndi wansembe wa mpingo wa Anglican, Trevor Huddleston, ali pasukulu ya St Peter's, ndipo pambuyo pake wansembeyo anamupezera lipenga lina kuchokera kwa Louis Armstrong weniweniyo. Moeketsi, Masekela ndi Gwangwa anaimbira limodzi m'sewero la King Kong la mu 1959, lomwe nyimbo zake anapeka Todd Matshikiza ndipo linatchukitsa Miriam Makeba.

Patangopita miyezi iwiri chimbale chija chitajambulidwa, pa 21 Malichi 1960, apolisi anawombera anthu omwe ankachita zionetsero zokana ziphaso ku Sharpeville, n'kupha 69. Boma linaletsa misonkhano, linatseka zipani za ANC ndi PAC, ndipo m'zaka zotsatira linakhwimitsa malamulo oti akuda ndi azungu asamaimbire kapena kuonera zoimbaimba pamalo amodzi. Jazi ndi nyimbo zofuna anthu okhala pamodzi usiku, kumvetserana ndi kuyankhana. Popanda malo otere, gulu la Jazz Epistles linatha.

Masekela anachoka chaka chomwecho, n'kukaphunzira ku Manhattan School of Music ku New York. Mu 1968 nyimbo yake ya Grazing in the Grass inafika pa nambala 1 ku America. Koma nyimbo yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zonse zomwe anaimba ndi Stimela ya mu 1974. Imakamba za sitima yonyamula amuna kupita nawo ku migodi ya ku Joni, ndipo pa maiko omwe imawatchula pali Malawi. Amuna amenewo ndi agogo athu omwe ankapita pa Wenela. Chaka chomwecho cha 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Munthu akamamvera Stimela akudziwa zimenezi, nyimboyo imamveka mosiyana.

Dollar Brand anachoka mu 1962 kupita ku Zürich, ndipo Gertze ndi Ntshoko anakakhala naye komweko. Mu 1963 Duke Ellington anawamva akuimba, atakopedwa ndi woimba Sathima Bea Benjamin, yemwe pambuyo pake anakwatiwa ndi Brand. Ellington anawathandiza kujambula chimbale ku Paris, ndipo khomo la dziko lonse linatseguka. Gwangwa nayenso anakafika ku America, kenako anatsogolera gulu la zachikhalidwe la ANC lotchedwa Amandla, ndipo nyimbo zomwe anapeka limodzi ndi George Fenton mufilimu ya Cry Freedom ya mu 1987 zinapikisana nawo pa mphoto ya Oscar.

Nanga Moeketsi? Iye anapita ku London mu 1961 ndi sewero la King Kong, koma anadwala, anagonekedwa m'chipatala, n'kubwezedwa kwawo. Anabwerera m'dziko lomwe malo oimbira jazi anali kutsekedwa ndipo anzake anali atabalalika. Panapita zaka asakuimba bwinobwino, ndipo mowa unamugwira. M'zaka za m'ma 1970 anajambulanso ndi Dollar Brand komanso ndi Pat Matshikiza pa chimbale cha Tshona!, ndipo luso lake linali likadalipo. Anamwalira mu 1983 ali wosauka. Ulemu unabwera iye atapita kale: malo oimbira jazi ku Newtown anapatsidwa dzina loti Kippies, ndipo pambuyo pake anamuikira chiboliboli komweko.

N'zosavuta kunena kuti Moeketsi anadziwononga yekha ndi mowa. Ine sindikuvomereza kuti nkhani yake imathera pamenepo. Masekela nayenso analimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kwa zaka zambiri, ndipo ankanena yekha poyera. Kusiyana kwawo n'kwakuti wina anali komwe kunali makampani a zimbale, mawailesi ndi atolankhani olemba za iye, pomwe mnzake anali komwe munthu wakuda ankafunika chiphaso kuti ayende usiku pochokera koimba. Zomwe timazitcha mbiri nthawi zambiri zimakhala zomwe zinajambulidwa ndi kulembedwa, ndipo zida zojambulira ndi zolembera zinali m'manja mwa ena.

Komatu jazi sanafe ku South Africa, ndipo anamusunga ndi otsalawo. Winston Mankunku Ngozi anakana kuchoka, ndipo mu 1968 anatulutsa Yakhal' Inkomo, chimodzi mwa zimbale za jazi zokondedwa kwambiri m'dzikomo. Ngakhale Mannenberg, nyimbo yotchuka kwambiri ya Abdullah Ibrahim, sinajambulidwe ku New York. Anaijambula ku Cape Town mu 1974 atabwerera kwawo, pamodzi ndi Basil Coetzee ndi Robbie Jansen, oliza masakisofoni omwe anakulira komweko. Ibrahim anachokanso mu 1976, ana asukulu ataukira ku Soweto. Coetzee ndi Jansen ndi amene anaiimba nyimboyi pamisonkhano yolimbana ndi tsankho m'zaka za m'ma 1980 mpaka inasanduka nyimbo ya ufulu. Anaipeka ndi Ibrahim, koma tanthauzo lomwe ili nalo lero analipatsa ndi omwe anatsala.

Sindikunena kuti opitawo anapeza moyo wofewa. Makeba anakanizidwa kubwerera kwawo mu 1960 kukaika maliro a mayi ake, ndipo anakhala kunja zaka zoposa 30. Gulu lina, la Blue Notes, linachoka mu 1964 kupita ku Ulaya, ndipo ambiri mwa iwo anafera komweko: Mongezi Feza ku London mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha, Johnny Dyani ku Berlin mu 1986, Chris McGregor ndi Dudu Pukwana mu 1990, chaka chomwe Mandela anatuluka m'ndende. Tsankho linavulaza onse, opita ndi otsala omwe. Kungoti mabala a opitawo dziko linawaona.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ife omwe tikumaliza maphunziro m'dziko lomwe achinyamata ambiri maso ali kunja. Sindinganene kuti munthu asapite, chifukwa Masekela akanakhala kuti sanapite, mwina Stimela sitikanaimva. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi choyeza luso la munthu poona kutalika kwa ulendo womwe anayenda. Masekela, Ibrahim ndi Gwangwa atabwerera kwawo m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, anapeza anthu odziwa kumvetsera jazi ndi achinyamata odziwa kuliza zida. Anthu amenewo anaphunzitsidwa ndi ena m'zaka 30 zovutazo, m'maholo a m'makomboni ndi m'nyumba za anthu, ndipo ambiri mwa aphunzitsiwo mayina awo sali pa chimbale chilichonse.

Jazz Epistle, Verse 1 ikupezeka pa intaneti masiku ano. Mukaipeza, yambani ndi Blues for Hughie, nyimbo yomwe Moeketsi anapekera Masekela, ndipo mumvetsere sakisofoniyo.