Mbiri ya Kufufuza Ubongo: Kuyambira Ukhanda Kufikira Ukalamba

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero ndi ya ubongo wa munthu. Mwana wa m'Giredi 1, mphunzitsi wake, ndi agogo amene atsala kumudzi, onsewa ali nao ubongo, koma mamangidwe ake ndi osiyana. Ubongo wa khanda ulemera magalamu ngati 350 kapena 400, pamene wa munthu wamkulu ulemera pakati pa magalamu 1,300 ndi 1,400. Zimenezi sizinali zobvuta kuzidziwa, pakuti sikelo inalipo. Cimene cinasautsa anthu ophunzira ndico kudziwa zocitika m'kati mwa ubongo pamene zaka zilikupita. Lero tidzaona m'mene anazitulukira, ndi m'mene ena a iwo anasokerera poyamba.

Kale anthu ambiri sanali kuuyesa kanthu ubongo. Aristotle wa ku Greece, amene anamwalira m'caka ca 322 B.C., anaphunzitsa kuti maganizo acokera mumtima, ndi kuti nchito ya ubongo ndi kuziziritsa magazi. Tisamseke, pakuti nafenso mpaka lero timati munthu waganiza mumtima mwake. Pang'ono ndi pang'ono madokotala anazindikira kuti nzeru zikhala m'mutu, koma poyang'ana ubongo ndi maso okha sanali kuona kanthu koma cinthu cofewa ngati phala.

Khomo linatseguka m'caka ca 1873, pamene Camillo Golgi wa ku Italy anapeza mankhwala a siliva amene anali kudetsa maselo owerengeka a ubongo, ena onse ndi kuwasiya oyera. Maselo ndito tizigawo tating'onoting'ono ta thupi, tosaoneka popanda maikulosikopu. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anatenga njira ya Golgi, nayamba kupima ubongo wa tinyama ndi tianapiye tosakhwima. Iye anaona kuti selo lililonse ndi lapalokha, ndipo likamakula liturutsa nthambi zofunafuna maselo anzake. Anthu awiriwa analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1906. Komabe Cajal anakhulupirira kuti munthu akangokula, njira za m'ubongo wake zauma, sizingaphukenso. Popeza anali mphunzitsi womveka, ambiri anagwira mau akewo kwa zaka zoposa 50.

M'nthawi yomweyo Paul Flechsig wa mumzinda wa Leipzig ku Germany anali kupima ubongo wa makanda. Iye anacita cidwi ndi mafuta oyera ochedwa mayelini, amene akuta timitsempha ta ubongo monga mphira ikuta waya wa magetsi, ndi kufulumizitsa uthenga. Flechsig anapeza kuti mafutawa sabwera ponseponse nthawi imodzi. Ayamba kukuta mbali zothandiza kumva, kuona ndi kugwedeza ziwalo, ndipo mbali zolingalira, monga za kumphumi, zitsalira m'mbuyo. M'caka ca 1967 Paul Yakovlev ndi André-Roch Lecours anaonetsa kuti kukutaku kupitirira ngakhale munthu atapyola zaka 20. Cotero mnyamata amene wamera kale ndebvu, ubongo wake ukali kumangidwa.

Cina codabwitsa cinaturuka ku Chicago m'caka ca 1979. Dokotala wa ana, Peter Huttenlocher, anawerenga malo amene maselo alumikizana m'ubongo wa kumphumi, kuyambira wa makanda kufikira wa nkhalamba. Anthu akanayembekeza kuti wamkulu ndiye ali ndi malumikizano ocuruka. Koma iye anapeza kuti mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri ali nao othithikana kupambana atate wake, ndipo acepa pang'onopang'ono kufikira pa unyamata. Mwana wa mlimi adziwa kuti cimanga cikamera cothinana pa phando, acipatulira kuti cotsalaco cibale bwino. Ubongo ucita cimodzimodzi: malumikizano ogwira nchito alimba, ndipo osagwira nchito acotsedwa.

Tsono tifike pa ukalamba, pamene panali kusokera kwakukuru. M'caka ca 1955 Harold Brody wa ku America anawerenga maselo m'tizidutswa ta ubongo wa anthu a misinkhu yosiyanasiyana, nalengeza kuti munthu akamakalamba maselo ake afa ocuruka kwambiri. Mabuku anabwereza ciphunzitso cimeneci zaka zambiri, ndipo anthu anayamba kuyesa ukalamba ngati kuola kwa mutu. Koma m'zaka za m'ma 1980 Herbert Haug wa ku Germany anatulukira pamene panagona colakwa. Kacidutswa ka ubongo kasanaikidwe pa maikulosikopu kayamba kakonzedwa ndi mankhwala, ndipo kafota monga ndiwo zamasamba zifota pozifutsa. Ubongo wa wacinyamata ufota kwambiri kupambana wa nkhalamba. Cifukwa cace maselo a wacinyamata anali kuoneka othithikana, ndi a nkhalamba otalikirana, ngakhale kuti ciwerengero cao sicinasiyane kwenikweni.

M'caka ca 1997 Bente Pakkenberg ndi Hans Gundersen a ku Denmark anawerenganso ndi njira yolongosoka, pa ubongo wa anthu 94. Anapeza kuti pakati pa zaka 20 ndi 90, khungwa la ubongo litaya pafupifupi selo limodzi lokha mwa maselo 10 alionse. Nanga n'cifukwa ninji ubongo wa nkhalamba upepuka? Maselo ena acepa msinkhu, nthambi zao ndi malumikizano zicepa, mafuta oyera aja aperewera, ndipo mapanga a madzi amene ali m'kati mwa ubongo akula. Maselo ambiri akhalapobe kufikira tsiku la imfa.

Anthu onse tawachulawa anali kupima ubongo wa akufa. Zinthu zinasintha ndi makina a MRI, amene ajambula za m'kati mwa thupi la munthu wamoyo popanda kumng'amba. Paul Lauterbur wa ku America analongosola njira yake m'caka ca 1973, ndipo iye ndi Peter Mansfield wa ku Britain analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2003. Tsopano kunatheka kujambula mwana mmodzimodzi yemweyo kawirikawiri pamene alikukula, monga anacitira Jay Giedd ndi anzake, amene analengeza zopeza zao m'caka ca 1999. M'caka ca 2000 Eleanor Maguire anajambula oyendetsa matakisi a mu London, amene aloweza misewu yambirimbiri pamtima. Anapeza kuti mbali ya kumbuyo ya kaciwalo kosunga cikumbukiro ca malo inali yaikuru mwa iwo kupambana mwa anthu ena. Umenewu unali umboni wina wakuti njira za m'ubongo wa munthu wamkulu sizinaume monga anaganizira Cajal.

M'caka ca 2022 akatswiri a maiko ambiri anasonkhanitsa zithunzi za ubongo wa anthu oposa 100,000, kuyambira ana osabadwa kufikira okalamba a zaka 100. Anakonza macati ofanana ndi khadi la kusikelo limene amai atenga popita ndi mwana ku kiliniki. Macatiwo aonetsa kuti mbali yotuwa, mmene mukhala maselo, ifika pacimake pa zaka ngati 6. Mbali yoyera, ya timitsempha tokutidwa, ikulabe kufikira pafupi ndi zaka 29. Pambuyo pace zonse ziwiri zitsika mosafulumira. Zithunzi zambiri zinacokera ku Ulaya ndi ku America, za ku Afirika zinali zocepa. Mwina wina wa inu amene mulikumvetsera adzagwira nchito yotsalayi.

Mbiriyi itiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba n'ca inu aphunzitsi: mwana amene ali patsogolo panu ubongo wake uli pakati pa kupatulidwa, ndipo cimene acita tsiku ndi tsiku, kuwerenga, kuimba, kusewera ndi kufunsa, ndico cilimba. M'mera mpoyamba. Koma wocedwa kugwira musamtaye, pakuti nyumba yake ikali kumangidwa. Caciwiri n'ca inu ana. Agogo akacedwa kukumbukira dzina, umenewo ndi ukalamba wabwinobwino, ndipo mau ndi nzeru zimene anakundika akali nazo. Koma wokalamba akayamba kusokera pakhomo pake ndi kuiwala ana ake, imeneyo ndi nthenda, monga ija anailongosola Alois Alzheimer wa ku Germany m'caka ca 1906. Munthu wotere si mfiti ai. Musamseke kapena kumponya miyala. Mgwireni dzanja, mupite naye kwa akuru kuti amperekeze ku cipatala.