Zilembo ŵ ndi ng' pa intaneti

Dzina la esiteti ya tiyi ya Naming'omba ku Thyolo lili ndi nkhodolero pakati, ndipo dzina la dziko lino ena amalilemba kuti Malaŵi. Papepala zizindikiro ziwirizi sizivuta. Pa intaneti zimatha kuoneka bwino pa kompyuta ya amene analemba tsambalo, koma pafoni ya owerenga n'kusanduka kabokosi kapena zilembo zosamveka.

Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala. Mu ndondomeko ya Unicode, ŵ ndi U+0175 ndipo Ŵ ndi U+0174. Chilembochi chimapezekanso m'Chitumbuka komanso m'chiyankhulo cha ku Wales. Ndondomeko yakale ya Windows-1252, imene anaikonza poganizira ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, ilibe ŵ. Choncho tsamba losungidwa mu UTF-8 likawerengedwa ngati la Windows-1252, Malaŵi amasanduka MalaÅµi, ndipo nkhodolero yopindika imapereka Namingâ€™omba. Wogula tiyi wakunja amene akufufuza dzinalo sangalizindikire. Apa mankhwala ake n'kulengeza UTF-8 pamutu pa tsamba lililonse.

Vuto lina ndi la fonti, kutanthauza kalembedwe kamene kamapatsa zilembo maonekedwe. Windows imadalira Segoe UI, mafoni ambiri a Android amadalira Roboto, pomwe Apple ili ndi San Francisco. Fonti imene mwini tsamba wasankha ikasowa ŵ, Chrome, Firefox kapena Safari imabwereka chilembocho ku fonti ina ya m'chipangizomo, ndipo chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake: chonenepa, chowonda kapena chotsika pamzere. Ikasowa kobwereka m'pamene pamabwera kabokosi. Akatswiri amakatchula kuti tofu, ndipo fonti za Noto za Google zinatenga dzina lake pa cholinga chothetsa timabokosi timeneti.

Njira yodalirika ndi yoti tsamba lizitumiza lokha fonti yake kudzera m'lamulo la @font-face, kawirikawiri mu fayilo ya WOFF2, imene bungwe la W3C linavomereza mu 2018. Komabe pali msampha. Pofuna kupeputsa fayilo, fonti zambiri amazigawa m'zigawo, ndipo pa Google Fonts ŵ ali m'chigawo cha latin-ext, osati cha latin. Amene wakopera chigawo cha latin chokha amataya chilembocho osadziwa. Kupeputsako n'koyenera ndithu, chifukwa wowerenga wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe amalipira bandulo pa chilichonse chimene foni yatsitsa, koma ŵ ndi Ŵ ndi zilembo ziwiri zokha, zosalemetsa fayilo.

Nyuzipepala zambiri zinasiya kulemba ŵ, koma Baibulo la Buku Loyera limamusunga m'mawu ngati nthaŵi ndi aŵiri, ndipo m'Chitumbuka ali m'mawu a tsiku ndi tsiku ngati ŵanthu. Fonti za Charis ndi Andika, zimene bungwe la SIL limapereka kwaulere, zili ndi chilembochi.