Ulendo wa Akhungu wa ku London, 1920

Kale ku Britain munthu wakhungu wosauka anali ndi njira ziwiri: kupempha m'miseu, kapena kulowa m'nyumba za nchito zimene anthu acifundo anamanga. M'menemo akhungu anali kuluka madengu ndi mphasa tsiku lonse, koma malipiro ao anali ocepa ndithu. Wodandaula anali kuyesedwa wosayamika, pakuti nchitoyo inali kuwerengedwa ngati mphatso.

Tsono akhungu anayamba bungwe lao-lao, lochedwa National League of the Blind, ndipo m'caka ca 1899 linalembedwa monga cigwirizano ca anchito. Mmodzi wa atsogoleri ace anali Ben Purse, nayenso wakhungu. Mlandu wao unali uwu: mphatso imadza pamene mwini wace wafuna, nileka pamene iye watopa, koma cimene lamulo lalamula, munthu angathe kucifunsa osagwada. Anafuna kuti Boma lenileni lisenze udindo wa maphunziro ao, nchito zao ndi ukalamba wao.

Zaka zinapita, Nyumba ya Malamulo iri kuzengereza. Pa 5 April 1920 amuna akhungu ngati 250 ananyamuka pansi kucokera ku Newport, Manchester ndi Leeds. Taganizani munthu wosaona kuponda mseu wacilendo masabata atatu, mwendo uli kutupa, osadziwa dzenje liri pati! Zigwirizano zina za anchito zinawapatsa cakudya ndi pogona m'njira. Pa nsaru imene ananyamula panali mau akuti afuna cilungamo, osati cifundo, ndipo mau amenewa anawawa anthu ena amene anali kudziyesa abwenzi a akhungu.

Anafika pa Trafalgar Square pa 25 April, nalandiridwa ndi khamu lalikuru. Nduna Yaikuru, Lloyd George, inawadikiritsa masiku asanu isanaonane ndi atsogoleri ao, ndipo cimene inalonjeza coonekeratu cinali matikiti a sitima obwerera kwao. Anabwerera okhumudwa.

Komabe mu August caka comweco lamulo la Blind Persons Act linakhazikika. Linalamula makhonsolo a mizinda ndi zigawo kusamala akhungu a m'dera lao, ndiponso wakhungu anayamba kulandira penshoni ali ndi zaka 50, pamene anthu openya anali kudikira kufikira 70. Nkhani ya malipiro a m'nyumba za nchito inatsala, ndipo mu 1936 bungwelo linayendanso ulendo wa ku London.