Cifukwa cake aluso a ku Katete, Sinda ndi Vubwi afunika kudzilengeza okha pa intaneti

Wolengeza woimba, amene ambili amamuchula kuti manejala kapena pulomota, ndi munthu amene amapeleka nyimbo ku nyumba za wailesi, kulankhula ndi atolankhani ndiponso kufunafuna malo oimbilako. Nchito imeneyi ikali yofunika. Koma kwa oimba, ovina, osema ndi ocita maseŵelo a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kudalila munthu ameneyu yekha n'kosakwanila, pakuti acinyamata ambili masiku ano amapeza nyimbo ndi magule pa lamya zao.

Vuto loyamba ndi mtunda. Olengeza odziŵika ndi masitudiyo aakulu ali ku Lusaka, pafupifupi makilomita 500 kucokela ku Katete pa mseu wa Great East. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, ndipo Vubwi, amene kale anali mbali ya Chadiza, ali kutali ndi mseu waukulu. Wolengeza mmodzi amagwilila nchito aluso angapo, ndipo mwacibadwa amayambila pa uja amene amabweletsa ndalama msanga. Woimba wa kumudzi amene ali ndi nyimbo ziŵili cabe amakhala kumapeto kwa mzele.

Mawailesi a m'cigawo ca kum'mawa monga Breeze FM ndi Radio Maria a ku Chipata, ndi Mphangwe FM ya ku Katete, athandiza kwambili kukweza aluso akwao. Komabe nyimbo ikalila pa wailesi imapita, ndipo imamveka kokha kumene mphepo ya wailesiyo ifika. Imene yaikidwa pa Facebook, YouTube kapena TikTok imakhalapobe, ndipo munthu angaitumize kwa mnzake pa WhatsApp. Apa aluso a kuno ali ndi mwai umene anzao ena alibe: Cicewa cimamveka ku Malawi, ku Tete m'dziko la Mozambique, ndiponso pakati pa anthu akwathu amene ali pa nchito ku Zimbabwe ndi ku South Africa.

Nkhani ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu m'dziko la Malawi ionetsa mphamvu ya intaneti pamodzi ndi ngozi yake. A Chalamanda, amene anabadwa mu 1930, anaimba kwa zaka zambili asanajambulenso nyimbo yao ya Linny Hoo ndi Patience Namadingo mu 2020. Nyimboyo itafika pa TikTok inaonelewa nthawi mamiliyoni ambili, ndipo anthu a m'maiko akutali amene sadziŵa liu limodzi la Cicewa anaivina. Panalibe wolengeza amene akanakwanitsa zimenezi mwa kuyenda m'mawailesi. Koma eni ake nyimboyo analibe lamya yoonelapo zimenezo, ndipo mavidiyo ambili anali pa masamba a anthu ena. Chuka cingafike patali pamene mwini wake sadziŵa kumene cafika, ndipo ofuna kumuitana kapena kumulipila amasoŵa pomupezela.

N'cifukwa cake waluso afunika kukhala ndi tsamba la dzina lake, lolembetsedwa pa nambala yake, ndipo mau acinsinsi otsegulila tsambalo aziwasunga yekha. Mgwilizano ndi manejala umatha. Ngati tsamba linatsegulidwa ndi manejalayo, omutsatila onse amapita naye. Cinanso n'cakuti okonda nyimbo amafuna kumva mwini wake akulankhula, kuona gulu likuyeseza pansi pa mtengo wa mango, ndi kuyankhidwa akafunsa. Zimenezi wolengeza sangazicite m'malo mwa woimba popanda anthu kuzindikila.

Mwambo wa Kulamba, umene umacitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, umasonkhanitsa mafumu ndi anthu a Kalonga Gawa Undi ocokela m'maiko atatu. Kwa magulu ovina ndi ogulitsa zosema, imeneyi ndiyo nthawi yoonekela, koma imabwela kamodzi pa caka, ndipo mu 2020 mwambowu sunacitike cifukwa ca matenda a Covid-19. Gulu limene lajambula kavinidwe kake ndi kuika pa tsamba lake limapitiliza kuoneka miyezi yonse khumi ndi iŵili. Pamenepa m'pofunika kusamala. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi malamulo ake. Zovinidwa pabwalo ndi za onse, koma za kudambwe si zojambula, ndipo wanzelu amayamba wapempha cilolezo kwa mafumu ndi akulu a gule asanatulutse lamya.

Kudzilengeza sikucotsa kufunika kolembetsa. Bungwe la National Arts Council of Zambia, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, ndilo limalembetsa aluso ndi magulu ao, pamene la ZAMCOPS limatolela ndalama za eni nyimbo zikaseŵenzetsedwa. Spotify inayamba kupezeka m'Zambia mu 2021, koma nyimbo imafika kumeneko kupyolela mwa makampani ogaŵa nyimbo, ndipo apa manejala wodziŵa mapangano amathandiza, malinga ngati dzina la mwini nyimbo ndilo lalembedwa.

Zovuta zilipo. Mabandulo amadya ndalama, netiweki imavuta m'midzi ina, ndipo kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatila cilala ca mu 2024 kunasiya ambili opanda potchajila lamya. Vidiyo yaifupi yojambulidwa masana, yokhala ndi dzina la gulu, mudzi ndi nambala yoitanilapo, siifuna bandulo yaikulu, ndipo ingatumizidwe pa tsiku limene munthu wapita pa boma. Woitana gulu ku ukwati ku Sinda kapena ku Chipata angatumize cikole pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo za mitengo ndi mayendedwe angakambilane ndi manejala.