Katalisiti

Katalisiti ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusanduka kwa zinthu zikakumana, koma icho osatha, osalowanso m'chopangidwacho. Chili ngati nkhoswe: amalumikiza awiri, ukwati n'kumangika, iye n'kubwerera kwawo ali yemweyo. Liwuli linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kumasula, ndipo amene analilowetsa m'sayansi ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1835.

Kumasulako kumaoneka bwino pa nayitirojeni. Mpweya umenewu ngwochuluka mumlengalenga, koma maatomu ake amagwirana awiriawiri kolimba zedi, moti chimanga sichingaudye. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany, mothandizana ndi Robert Le Rossignol, anaulumikiza ndi hayidirojeni n'kupanga amoniya. Katalisiti wake anali osmium, chitsulo chosowa ndi chodula. Zikanathera pamenepo, ntchitoyi sikanatuluka mu labotale. Koma ku kampani ya BASF, Alwin Mittasch anayesa zosakaniza zikwizikwi mpaka anapeza kuti ayironi wamba, wothiridwa tina pang'ono, amagwira ntchitoyo, uku Carl Bosch akumanga ziwiya zopirira mpweya wopanikizidwa kwambiri. Fakitale yawo yopanga amoniya ya ku Oppau inayamba mu 1913. Mphoto za Nobel zinapita kwa Haber ndi Bosch. Mittasch satchulidwa kawirikawiri, ndipo kwa ine kumeneku n'kumulakwira.

Feteleza wa urea amene alimi amathira m'chimanga amachokera ku amoniya ameneyu. Mmene ayironi amalekanitsira maatomu a nayitirojeni aja anadzazilongosola Gerhard Ertl, yemwe analandira Nobel mu 2007.